Kamizola Yachikasu pa Chingwe Changa

1

Mukamva kuti wosewera mpira wathawa ekipa yomwe inamulera, mumathamangira kumutukwana. Inenso ndinkatero. Ndiye khalani pansi mumve za mwamuna wanga Latifu, amene anthu a kunyanja ya Amaramba anamulavulira malovu chaka chathachi, ine ndili chiimire pambali pake.

Ndine Shakila. Ndinakulira ku Insaca, pa boma, komwe munthu umagula sopo osayamba wapalasa njinga theka la tsiku. Latifu atandikwatira ananditengera kwawo kunyanja, komwe chilichonse chimanunkha nsomba, ngakhale mtsamiro. Ndinapirira chifukwa ndinkamukonda. Koma ndisabise, ndinkadaliranso mwendo wake wamanzere kuti tsiku lina udzatichotsa kumeneko.

Latifu ankavala nambala naini mu Mphepo ya Amaramba. Ekipa imeneyi anaiyambitsa ndi apongozi anga aamuna, a Nasoro, pamodzi ndi anzawo nkhondo itangotha. Analambula tchire ndi makasu awo kuti pakhale kampu yosewererapo, ndipo mpaka lero asodzi amasonkha nsomba kuti ekipa igule mpira. Kumeneko Mphepo si masewera ayi, ndi m'bale wawo.

Ekipayo ili ndi malaya osewerera, amene timati makamizola, obiriwira a mtundu umodzi basi, ndipo akazi a osewera timachapa mosinthana. Lachisanu lililonse la sabata ya masewero, mphunzitsi wa ekipa, a Vitorino, amanong'oneza mkazi wochapayo manambala a anthu amene adzayambe Lamlungu. Makamizola amenewo amayanikidwa pa chingwe cha kumsewu, otsalawo kuseri kwa nyumba. Anthu akamachokera ku mzikiti amadutsa pomwepo kudzawerenga chingwe. Palibe wolengeza, palibe wofunsa. Zimene chanena chingwe amazikhulupirira kuposa pakamwa pa munthu, ndipo ine wa pa boma zinkangondiseketsa.

2

Kutatsala sabata imodzi kuti tisewere fainali ya distritu, ya boma lathu lonse, ndi Mikango ya ku Chiuta, kunabwera mlendo pa njinga yamoto. Anali a Armindo, bambo a mimba yawo, amene amasakira osewera ekipa ya Relampagu ya ku Cuamba. Imeneyo ndiye ekipa yeniyeni, yolipira osewera mwezi ndi mwezi.

"Mphwanga, mwendo umenewo ukuonongeka ndi minga ya kuno," anatero a Armindo nditawapatsa mpando. "Kwathu kuli kontratu, nyumba ya magetsi, ndi dokotala wa ekipa. Kuno amakupatsa chiyani?"

"Mlamba," anayankha Latifu. "Tikawina, milamba iwiri."

A Armindo anaseka mpaka mimba inagwedezeka. Kenako anatsekula chikwama n'kutulutsa kamizola yachikasu, yatsopano, yonunkhira sitolo. Kumsana kwake anali atasindikizako kale dzina lakuti LATIFU.

"Tinakuona ku Insaca mwezi watha. Sitinafune kutaya nthawi."

"Mwataya penti yanu, akuluakulu," anatero Latifu mwaulemu. "Ine ndinaphunzirira kuyenda pa kampu imene ija. Sindingachoke."

Mlendoyo sanalimbane naye. Anaisiya kamizolayo pa mpando n'kunena kuti nsalu siluma, tiziyang'ana kaye.

Njinga yamoto isanazimiririke n'komwe, ine ndinali nditayamba kale. Nthawi imeneyo ndinali ndi pakati. Mwana wathu woyamba anandifera m'mimba tili pa njinga, pakati pa msewu wopita ku chipatala cha ku Insaca, ndipo bala limenelo linali lisanapole.

"Kodi uyunso akathere pa kaliyala ya njinga?" ndinamufunsa. "Ku Cuamba chipatala n'chapafupi, munthu umangoyenda wapansi."

"Nthawi ikayandikira ndikakusiya kwa amayi ako ku Insaca. Tinagwirizana kale."

"Nanga a Rashidi aja? Anavala nambala naini inu musanavale. Lero akukoka mwendo pamsika. Ekipa inawapatsa chiyani?"

"Akadwala amene timawanyamula ndife," anatero. "Sanagonepo ndi njala. Shakila, anthu awa anandigulira nsapato zoyamba ndili wosavala. Ndiwathawe lero chifukwa mwendo wakhwima?"

Anatola kamizola ija ndi zala ziwiri n'kundipatsa. "Kaitaye. Ndipo anzanga asamve kuti kunabwera munthu, angasokonezeke mitu fainali isanachitike."

M'mawa mwake ndinamuuza kuti ndaitaya kudzala.

3

Sabata imeneyo yochapa inali yanga. Lachisanu ndinachapa m'mamawa, ndinayanika monga anandiuzira a Vitorino, n'kusenza chimanga kupita kuchigayo. Izi n'zimene ndinauza aliyense amene anandifunsa.

Pobwera ndinaona chikhamu pakhomo panga ndili patali. Ndinaganiza za maliro, chifukwa panalibe woyankhula. Anthu anandipatukira njira, ndipo ndinaona chingwe. Panali makamizola khumi obiriwira. Pamalo pa nambala naini pankauluzika yachikasu ija, dzina la mwamuna wanga likuwala padzuwa. Yobiriwira ya nambala naini inali pansi, m'fumbi, abakha ataipondaponda.

Faruku, kapitawo wa ekipa, ndiye anandiyandikira. Iyeyu ndi Latifu analowa jando limodzi, ankadya mbale imodzi kuyambira ali ana.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Sindikudziwa, alamu," ndinatero ndikutula ufa. "Ine ndinasiya zonse zili zobiriwira."

Nthawi yomweyo Latifu anatulukira, akadali mu mkanjo wake woyera wa ku mzikiti. Anayang'ana chingwe, anayang'ana ine, n'kuyang'ananso chingwe. 

"Wallahi, sindinasaine kanthu," anatero. "Munthuyo anabwera, ine ndinakana. Kamizolayi inatayidwa kudzala. Pali wina waitola."

"Anabwera?" anafunsa Faruku motsitsa mawu. "Anabwera liti? Ine ndimagona nawe m'bwato limodzi, osandiuza?"

"Sindinafune kukusokonezani."

"Nanga ku Cuamba amasindikiza dzina la munthu amene wakana?"

 Pamenepo anthu anayamba kung'ung'udza, ena kutsonya. Kenako onse anakhalanso chete, chifukwa a Nasoro anali akubwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Ndinathamanga kukatenga mpando n'kuwaikira pamthunzi, koma sanakhalepo. Anawerama movutikira, anatola kamizola yobiriwira ija, anaikung'untha, anaipinda bwinobwino n'kuipereka kwa Faruku.

"Mupatse wina," anatero.

"Baba, ndimvereni kaye."

"Ukanabwera kunyumba n'kunena kuti baba ndikupita, ndikanakupempherera duwa, n'kukuperekeza mpaka pokwerera chapa. Mwana amakula, amachoka. Koma iwe wandiuza ndi chingwe, pamodzi ndi anthu odutsa mumsewu." Anatembenuka n'kumapita, ndipo sanacheukenso.

4

Lamlungu mudzi wonse unakwera malole kupita ku Insaca. Latifu sanapatsidwe malo, choncho anapalasa njinga yekha. Anakaima kuseri kwa golo, nsapato zake zili m'manja, poganiza kuti mwina zinthu zikavuta amuitana. Zinthu zinavutadi. Mphepo inaphonya zigoli zoti iye akanamwetsa ali chitsinzinire, ndipo Mikango inawina ndi chigoli chimodzi. Kanali koyamba kuti Mphepo ifike pa fainali chiyambire.

Mkwiyo wonse unagwera pa iye. Anamugenda ndi zitsononkho, mayi wina anamulavulira pachifuwa, achinyamata anamuphwetsera matayala a njinga. Anafika kunyumba akuikankha, malaya atang'ambika.

Masiku otsatira anali oipa kuposa pamenepo. Anzake a m'bwato anasamukira ku mabwato ena. Ogula nsomba a njinga ankadutsa thandala lathu ngati palibe kanthu. Ku mzikiti anthu ankasiya mpata pakati pa iwo ndi iye. Anayamba kumutcha mnafiki, munthu wa nkhope ziwiri, ndipo dzinalo linafika mpaka m'kamwa mwa ana.

Koma madzulo alionse, mwamuna ameneyu ankatenga nsapato zake n'kupita ku kampu. Ankakhala pa chulu cha m'mbali, anzake akuthamanga, kudikira kuti wina amukodole. Mpira ukagwera kumene anali, ankaubweza ndi manja awiri, koma palibe amene ankathokoza. Akabwerako ankakhala pakhonde n'kumawerengera anthu amene akanatha kuchita zimenezi.

"Mwina ndi anthu a ku Chiuta," ankatero. "Ankadziwa kuti ndikasewera awona zakuda. Kapena Edgar, nambala naini ankaifuna kalekale. Iwe Shakila, potaya paja sunaone munthu?"

"Sindinaone munthu," ndinkayankha, maso ali pa mphika.

Anapita kangapo kwa bambo ake, koma ankangomva chitseko chikutsekedwa. Mayi ake, a Mastura, ndiwo ankatuluka n'kumuuza kuti adikire mtima wa akuluwo utsike. Mtimawo sunatsike. Tsiku lina nsomba zathu zitaolera pathandala chifukwa chosowa wogula, anayang'ana mimba yanga nthawi yaitali.

"Nambala ya foni ya a Armindo uli nayo?" anandifunsa.

Ndinali nayo. Sanafunse kuti ndinaisungiranji.

5

Ku Cuamba ndinapeza zonse zimene ndinkalira. Nyumba ya simenti, magetsi, mpopi pakhomo. Mwana wanga anabadwira m'chipatala, pa bedi, anamwino atandizungulira. Anali wamwamuna, ndipo Latifu anamutcha Nasoro. Anatumiza uthenga kumudzi kuti agogo ake abwere adzamuone. Kunabwera a Mastura okha, atanyamula nsomba zouma ndi nkhope yamanyazi.

Ku Relampagu Latifu ankamwetsa zigoli ngati akutola. Anthu a ku Cuamba anamukonda, ana ankamutsatira mumsewu. Koma akamwetsa sankathamanga, sankavina, sankakweza n'komwe dzanja. Ankangotembenuka n'kubwerera pakati, mutu uli pansi. Ochemerera ankati ndi munthu wodzichepetsa. Ine ndinkadziwa kuti ndi munthu amene thupi lili kuno, mtima uli pa chulu cha ku Amaramba.

Lamlungu lililonse akabwera ku masewero, asanasambe n'komwe, ankaimbira foni msuweni wake kufunsa kuti Mphepo yatani. Ikawina ankadya bwino. Ikagonja ankakankha mbale. Mwezi ukatha ankagula mpira watsopano n'kuupereka kwa woyendetsa chapa, minibasi ya kuno, kuti akausiye ku kampu, osatchula kumene wachokera. Anthu a kumudzi atatulukira kuti ukuchokera kwa iye, anaubweza utabooledwa ndi mpeni.

Ine ndinkanenepa, anzanga a pa mpopi ankandisirira. Koma chakudya sichinkandikomera, ndipo ndinayamba kukwiya ndi zinthu zopanda pake. Ndinkadziuza kuti nthawi ikonza zonse, akuluwo akadzaona mdzukulu adzafewa. Ndinkaganiza kuti nthawi ndili nayo yambiri.

Foni inalira Lachiwiri m'mawa, Latifu akumanga zingwe za nsapato. A Nasoro anali atamwalira mbandakucha, atadwala chifuwa masiku ochepa chabe. Palibe amene anatiuza kuti akudwala.

6

Kwathu maliro sagona, choncho tinathamanga ndi chapa yoyamba n'kumalizira pa njinga zamoto. Tinafika dzuwa litapendeka, thupi atalisambitsa kale ndi kulikulunga mu sanda. Ine ndinalowa kwa amayi n'kukhala pafupi ndi a Mastura. Akazi sitipita kumanda, timangoonera pakhomo amuna akamanyamuka.

Jeneza, chithatha chonyamulira maliro, ikanyamuka, mwamuna aliyense amaikapo phewa pang'ono n'kupatsira mnzake, kuti aliyense aperekeze. Ngakhale mlendo wodutsa amaloledwa. Koma tsiku limenelo osewera a Mphepo anaizungulira jenezayo mothinana, phewa kukhudza phewa, n'kumasinthana okhaokha.

Ndinamuona Latifu akuthamangira kumanja. Misana inatsekeka. Anazungulira kumanzere, inatsekekanso. Anatambasula dzanja pamwamba pa mitu yawo kuti angokhudzako thabwa lokha, ndipo Faruku anamugwira dzanjalo n'kulitsitsa.

"Faruku, ndi bambo anga."

"Ndikudziwa," anatero Faruku, misozi ikutsika. "Koma ndi mawu a eni ake, ananena ine ndili pomwepo. Anati wachikasu uja asadzandinyamule."

Mawu amenewo anamveka mpaka pakhomo pamene tinakhala. Latifu anaima pakati pa msewu, manja ali lende, jeneza ikupita. Kenako anayamba kuitsatira patali, kumbuyo kwa aliyense, ngati munthu amene sanaitanidwe.

Pamenepo chinthu chimene ndinachimeza kwa chaka chathunthu chinakana kukhalanso m'mimba.

7

Kamizola ija sinapite kudzala. Ndinaibisa pansi pa thumba la chimanga. Lachisanu lija nditayanika makamizola khumi, ndinatenga yachikasu n'kuipachika ndi manja angawa. Yobiriwira ndinaiika pansi dala, kuti uthenga umveke bwino. Ndinaunguza uku ndi uku, n'kusenza chimanga kupita kuchigayo, mtima uli m'malo.

Ndinkaganiza kuti anthu akwiya sabata imodzi, Latifu apsa mtima n'kunyamuka, kenako aliyense aiwala. Kwathu ku Insaca nsalu pa chingwe ndi nsalu basi. Sindinkadziwa kuti kunyanja ndikulemba chinthu chimene sichifufutika. Nditaona a Nasoro akutola kamizola ija m'fumbi ndinazindikira kukula kwa zimene ndachita, ndipo pakamwa panali potsekula pomwepo. Ndinaopa. Mawa lake ndinaopa kwambiri, ndipo mantha ankakula tsiku ndi tsiku mpaka ndinawazolowera.

Ndinagwada pamaso pa a Mastura, amayi onse akuona.

"Mama, Latifu sanagulitse ekipa. Anakana ine ndikumva. Kamizola ija ndinayanika ndine."

M'nyumbamo kulira kunaleka. A Mastura anandiyang'ana ngati sakundidziwa.

"Bwereza."

Ndinabwereza, ndipo ndinafotokoza zonse, za thumba la chimanga ndi za kuchigayo. Ndinkayembekeza khofi, mwinanso ndinkalifuna. Koma iwo anangofunsa ndi mawu otopa.

"Tsiku lija bambo ake ankatola kamizola pansi, iwe unali pomwepo?"

"Ndinalipo, mama."

"Ndakumbuka. Unawatengera mpando." Anakoka chitenje n'kudziphimba kumaso. "Mwamuna wanga wafa akulira mwana amene sanalakwe. Tulukani naye uyu, ndisamuone."

Ndinakakhala kuseri kwa nyumba, mwana ali kumsana. Nkhani inathamanga kukakumana ndi amuna akuchokera kumanda. Ndinamva phokoso, kenako kulira kwa munthu wamkulu. Anali Faruku, atagwira miyendo ya Latifu pakati pa msewu, akupempha kuti amukhululukire. Osewera ena anangoima mitu ili pansi.

Patapita nthawi ndinamva mapazi. Latifu anaima patsogolo panga, mkanjo wake uli woyera bwinobwino, wopanda dothi ngakhale pang'ono, chifukwa kumandako sanamulole kulowa m'dzenje kukagoneka bambo ake. Ndinadzigwetsa pamapazi ake.

"Ndauza onse," ndinatero ndikulira. "Mama, alamu, mudzi wonse. Ndipita ku Insaca, ndipita ku Chiuta, ndikauza aliyense amene anakutukwanani. Dzina lanu ndiliyeretsa, ndikulumbira."

Sanakalipe. Sanandikhudze. Anayang'ana kunjira ya kumanda.

"Wachita bwino kuwauza," anatero. "Nanga baba ukawauza liti?"

8

Abale anga owerenga, ndikulemba izi ndili ku Cuamba, m'nyumba ya magetsi ija. Mwina mukudikira kumva kuti anandisiya. Achibale ake anamuuza kuti atero, ngakhale amayi anga ondibereka anati sakanamuimba mlandu. Iye anakana. Anati mwana asakule ngati wamasiye makolo ali moyo, ndipo nkhani inathera pomwepo. Amandipatsa moni, amadya chimene ndaphika, amafunsa ngati mwana wagona bwino. Sanatchulepo za tsiku lija ngakhale kamodzi, ndipo kukhala chete kumeneko kumandiwawa kuposa ndodo.

A Vitorino ndi Faruku anabwera kuno kudzamupempha kuti abwerere ku Mphepo. Ine ndimadziwa kuti palibe chimene amafuna padziko pano kuposa chimenecho. Koma anawauza kuti anasaina kontratu ndi Relampagu, ndipo anthu amenewa anamulandira pamene analibe kolowera. Anati sangawathawe pakati pa chaka. Faruku anangopukusa mutu, n'kunena kuti munthu ngati ameneyu ndi amene iwo anamutcha mnafiki.

Sindikupempha kuti mundimvere chisoni. Ndinali ndi chifukwa, inde, ndipo mayi aliyense amene anatayapo mwana panjira achimvetsa. Koma chifukwacho chinatha tsiku lomwelo, ndipo chimene chinatsala chinali mantha a mkazi wofuna kusunga nkhope yake. Ndinali ndi chaka chathunthu choti ndiyende kupita kwa nkhalamba ija n'kunena mawu ochepa chabe.

Inu amene mumadzaza m'makampu Lamlungu, mukaona mnyamata wavala mtundu wina, musafulumire kumugenda. Ena amachoka okha, n'zoona. Ena timachita kuwakankha ife a m'nyumba, kenako n'kuima pambali pawo anthu akamawalavulira. Ndipo inu amene mukusunga mawu oti akanamasula munthu, musadikire kuti mantha athe, chifukwa satha. Pitani lero, amene akuyenera kumva akadali ndi makutu.

Mwana wanga wayamba kuyenda tsopano. Tsiku lina adzafunsa chifukwa chimene agogo ake, eni dzina, sanamunyamulepo. Latifu wanena kale kuti funso limenelo sadzayankha iye.